Kakapu ka tiyi ndi mbale ya nsima

 Ndikuona nkhope za ku Dambwa, za ku Maramba, za ku Libuyu ndi ku Linda, ndipo ndikudziwa kuti ena mwasiyira ana tebulo lanu kumsika kuti mudzamve nkhaniyi. Ndiyankhula Chinyanja. Amene munayamwa Chitonga kapena Chilozi, nthawi ya mafunso ikakwana mufunse m'chinenero chanu, womasulira tim'peza pakati pathu pompano.

Ndanyamula kakapu aka. Ndi ka tiyi, kochokera m'kabati, tija timangotulutsa kukabwera alendo. Munthu akachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, chakudya chimene chifu chake chingalandire nthawi imodzi sichidzaza kakapu aka m'miyezi yoyamba. Tsopano kumbukirani mbale imene munadyera dzulo usiku: mitanda iwiri kapena itatu ya nsima, ndiwo pambali, botolo la chakumwa chozizira pamwamba pake. Nkhani yanga lero ili pakati pa mbale ija ndi kakapu aka. Dokotala amagwira ntchito yake ola limodzi kapena awiri n'kusamba m'manja. Zotsalazo zimachitikira kukhitchini kwanu, m'nyumba mwanu, m'tauni ya Livingstone muno, zaka zonse zimene Mulungu wakusungirani.

Ndikuyankhula chonchi chifukwa ndinaziona ndi maso anga. Alamu anga anafika pa makilogalamu 128. Mawondo ankawapweteka moti potsika takisi ankachita kugwiridwa mkono. Shuga anali atawapeza, BP nayonso. Usiku ankaliza mkonono, kenaka zii, kupuma kwaleka, n'kudzidzimuka ngati munthu womira m'madzi, ndipo achimwene ankangokhalira kuwagwedeza mpaka kucha. Pa foni anapeza munthu wina wokonza maulendo a odwala opita kunja. Anagulitsa poloti, anapita, anachitidwa opaleshoni, ndipo inayenda bwino. Anabwerera mu Okutobala ndi faelo ya mapepala imene dokotala aliyense wa kuno anali asanaionepo. Wokonza ulendo uja anasiya kuyankha foni ndege itangotera.

Patapita masiku asanu, amayi athu, ndi chikondi chawo chonse, anawaphikira kansima kofewa ndi msuzi wa nkhuku. Amati wodwala sachira ndi madzi okha. Alamu anadya mbamu ziwiri basi, n'kuyamba kusanza, ndipo anasanza usiku wonse mpaka madzi omwe ankabwerera. Ndinawapeza m'mawa mwake atapinda thupi pamkeka, milomo itang'ambika, maso atalowa, asanatayeko madzi chiyambire dzulo lake. Tinathamangira kuchipatala, anawaika dripu, anapulumuka. M'nyumba muja palibe amene analakwa dala. Tonse tinali osakonzeka, ine ndemwe.

Vuto la kunenepa silinayambire kwa alamu anga. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo, amene amachitika m'Zambia yense pakapita zaka zingapo, anapeza mu 2001 ndi 2002 kuti amayi 12 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso. Mu 2007 anali 19, ndipo pofika 2013 ndi 2014 anali 23, ambiri a iwo m'matauni. M'dziko lomweli, mu 2018, ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Musadabwe kupeza mayi wonenepa ndi mwana wopinimbira pakhomo limodzi. Ufa woyera, saladi, shuga, vitumbuwa ndi maheu otsekemera zimakhutitsa pa ndalama yochepa, pamene nsomba, mazira ndi mkaka zimakhudza thumba. Ntchito zathu zambirinso n'zokhala pansi: kumsika, mu ofesi, pachiwongolero, pamzere wa mathiraki ku Kazungula.

Palinso za mumtima mwathu. Mkazi akanenepa pabanja timati mwamuna akumusamala. Mwamuna akatulutsa mimba timayamba kumutcha bwana. Ndipo ife amene tinaona zaka za m'ma 1990 sitinaiwale kaliwondewonde, maliro amene tauni yathu ya pamalireyi inaika ma ARV asanafike. Mpaka lero munthu akaonda mofulumira, anthu amanong'onezana. Alamu anga atataya makilogalamu 20, mayi wina kutchalitchi anawakokera pambali n'kuwafunsa motsitsa mawu ngati ayamba kumwa mankhwala. Amene mukuganiza za opaleshoniyi, funso limenelo lidzakupezani, ndipo ndi bwino kukonzeratu yankho lake.

Ndinene poyera kuti kunenepa kwambiri ndi matenda. Amene amati ndi ulesi kapena umbombo sanaone mmene thupi limachitira. Munthu akadzimana chakudya n'kuonda, thupi limaona ngati kwagwa chilala: limakulitsa njala, limachepetsa mphamvu zimene limawotcha, mpaka litabweza zonse zinatayika. N'chifukwa chake ambiri mwa inu mwayesa kusala, mwayesa matiyi otsatsidwa pa Facebook aja, amene ambiri amangotsegula m'mimba, sikelo n'kubwerera pomwe paja. Masiku ano kulinso majakisoni monga semaglutide. Amathandiza ndithu, koma ndi okwera mtengo, ndipo ambiri akawasiya thupi limabwerera.

Opaleshoni zimene zimachitika kwambiri zilipo ziwiri. Yoyamba ndi sleeve gastrectomy. Dokotala amadula n'kuchotseratu pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, chotsalacho n'kukhala ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri ghrelin, mthenga wa m'magazi amene amauza ubongo kuti njala yafika, ndiye munthu amadya pang'ono ndipo njala yomwe imachepa. Chochotsedwacho sichibwezeredwanso. Yachiwiri ndi gastric bypass, imene dokotala wina wa ku Iowa, m'dziko la America, Edward Mason, anayamba kuchita mu 1966. Amapanga kathumba kakang'ono ngati dzira pamwamba pa chifu n'kukalumikiza ku matumbo, chakudya n'kumalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo. Masiku ano kawirikawiri sang'ambanso mimba yonse. Amaboola timabowo tingapo n'kulowetsa kamera ndi zida zazitali.

Si aliyense wonenepa amene ayenera kuchitidwa. Madokotala amayeza ndi BMI: kulemera kwanu m'makilogalamu, kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita, n'kugawanso kachiwiri ndi msinkhu womwewo. Mayi wamtali mamita 1.6 wolemera makilogalamu 105 ali pa 41. Muyeso wa 1991 wa ku America unkati opaleshoni ndi ya amene afika pa 40, kapena pa 35 ngati ali ndi matenda ena monga shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi anautsitsa kufika pa 35, ndiponso pa 30 kwa amene shuga wakanika kuwongoka ndi mankhwala. Ambiri amataya pakati pa gawo limodzi mwa anayi ndi gawo limodzi mwa atatu a kulemera kwawo m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Wa makilogalamu 120 ayembekezere kufika cha m'ma 85 kapena 90, osati 60. Ku Sweden, kuyambira 1987, anatsatira anthu onenepa kwambiri oposa 4,000, theka ochitidwa opaleshoni, theka ayi, ndipo mu 2007 analengeza kuti imfa zinali zochepa ndi pafupifupi 29 pa 100 pakati pa ochitidwawo. Ambiri a shuga amachepetsa mankhwala, ena amasiyiratu kwa zaka. Ngozi nayo ilipo. Ngakhale m'zipatala zozolowera ntchitoyi, mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse amamwalira m'mwezi woyamba. Walira mvula walira matope.

Tsopano tikhazikike pa kukonzeka, chifukwa apa ndi pamene banja lathu linaphonya.

Musanagule tikiti iliyonse, kaya ya ku Lusaka, ya ku Johannesburg kapena ya ku India, pezani dokotala wa kuno ku Livingstone amene avomere kukuonani mukabwerera. Mumuuze zonse. Ayeze magazi anu, aone shuga, impso, chiwindi, ayironi ndi vitamini B12, chifukwa amayi ambiri kwathu kuno ali kale ndi magazi ochepa, ndipo opaleshoni imawonjezera vutolo. Ayezenso kachilombo ka m'chifu kotchedwa H. pylori, kamene n'kofala kwambiri mu Africa muno ndipo kamayambitsa zilonda za m'mimba. Kakapezeka, kaphedwe ndi mankhwala mpeni usanafike. Ngati mumaliza mkonono n'kumabanika usiku, dokotala wogonetsa ayenera kudziwa. Kwa amene adzakuchiteni opaleshoniyo, funsani mopanda manyazi kuti amachita zingati pachaka, mudzaimbira ndani zikavuta usiku, ndipo ngati mutafunika kubwereranso kufiyeta alipira ndani. Mayankho akhale olembedwa. Wa inshuwalansi nayenso akulembereni zimene alipire ndi zimene salipira.

Fodya asiyidwe milungu isanu ndi umodzi opaleshoni isanachitike, ndipo asadzabwererenso, chifukwa amachedwetsa mabala kupola ndipo amabutsa zilonda polumikizira paja. Mowa nawonso, kaya ndi wa m'botolo, chibuku kapena kachasu, uyambe kutsanzikidwa. Pambuyo pa bypass mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri, ndipo ena amene anali kumwa mwa apo ndi apo amagwa m'uchidakwa.

Milungu iwiri yomaliza adzakuikani pa chakudya chochepa kwambiri, chopanda nsima, mpunga, buledi ndi shuga. Ambiri amaganiza kuti ndi mayeso a kupirira. Chifukwa chake ndi chiwindi. Chiwindi cha munthu wonenepa chimakhala chotupa ndi mafuta, ndipo chimagona pamwamba pa chifu ngati chivundikiro. Chikaphwa, dokotala amachinyamula mosavuta n'kuona pomwe akudula. Amene amadzipangira phwando lotsanzikana ndi chakudya mlungu womaliza akudziwonjezera ngozi yekha. A shuga, musayambe kadyedwe kameneka musanakambirane za mlingo wa insulini kapena mapiritsi anu, chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka.

Mawu apadera kwa amene muli pa ma ARV, ndipo ndikudziwa kuti muli nafe muno monga muli m'mpingo uliwonse. Kukhala ndi kachilombo sikuletsa opaleshoniyi ngati kachilomboko kagona. Koma mapiritsi a TLD amene ambiri timalandira kuno ali ndi dolutegravir, ndipo kashiamu ndi ayironi, zimene mudzamwa tsiku ndi tsiku, zimagwira mankhwalawo m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi. Lamulo lodziwika ndi kumwa ARV maola awiri musanamwe mavitaminiwo, kapena patapita maola asanu ndi limodzi. Akuchipatala kumene mumalandirira mankhwala adziwe za opaleshoni isanachitike, akukonzereni nthawi, ndipo ayeze kuchuluka kwa kachilombo mukabwerera.

Kenaka itanani banja. Khalani pansi ndi wophika pakhomo, ndi apongozi, ndi amuna anu kapena akazi anu, muwaonetse kakapu. Kwathu kukana chakudya n'chipongwe. Pamaliro, paukwati, kuchilanga mulilo, mbale idzabwera yodzaza ndipo wina adzati, "Idyani, mwationa bwanji?" Mukufunika munthu mmodzi pafupi nanu amene adzayankhe m'malo mwanu. Ngati mumadya pothawa nkhawa kapena chisoni, nenani kwa dokotala kapena mlangizi pasadakhale, chifukwa mpeni sufika kumeneko, ndipo chakudya chikachoka nkhawayo imafuna potulukira pena.

Tsiku lomwelo la opaleshoni anamwino adzakudzutsani kuti muyende m'khonde, mabala akupweteka choncho. Mverani. Magazi akaundana m'mwendo, chibuluma chikhoza kuthamangira m'mapapo n'kupha munthu. Pa chifukwa chomwecho musafulumire kukwera ndege kapena basi. Khalani pafupi ndi chipatalacho mlungu umodzi kapena iwiri monga dokotala anenere, ndipo pobwerera, pa msewu wautali uja wa makilomita oposa 450 kuchokera ku Lusaka, muzitsika n'kuwongola miyendo paliponse basi yaima. Mukafika kunyumba, aliyense adziwe zizindikiro izi: mtima kugunda kupitirira ka 120 pa mphindi, kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba kapena paphewa kumene kukukulirakulira, phuma, mwendo umodzi kutupa, chimbudzi chakuda bii, kapena kusanza kopitirira tsiku limodzi. Mtima wothamanga kawirikawiri ndiwo umayamba kuulula kuti posokedwa paja pakudontha. Musadikire kuche. Tengani faelo yanu mupite kuchipatala chachikulu cha Livingstone, mukauze woyamba kukulandirani kuti munachitidwa opaleshoni ya chifu tsiku lakuti. Kusanza kwa masiku ambiri kumathanso vitamini B1 m'thupi, ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo ndi mitsempha, choncho akumbutseni za vitaminiyo poika dripu.

Za chakudya, tsatirani pepala la dokotala wanu, koma njira yake imayenda motere. Milungu iwiri yoyamba ndi zamadzimadzi zokha: madzi, msuzi wosefa wa nkhuku kapena nsomba wopanda mafuta, mkaka, mabisi osathira shuga. Milungu iwiri yotsatira, zopota ngati za mwana woyamba kudya: nyemba zochotsa makoko, dzira lofewa, nsomba yophika yosinja, phala lamadzi la mgaiwa lothira mkaka kapena kapenta wosinja. Kenaka zofewa, ndipo cha pa milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu mumabwerera ku chakudya wamba. Nsima imabwera pomalizira penipeni. Mbamu timaikanda n'kuimeza osatafuna kwenikweni, ndipo m'chifu chopapatiza imakhala ngati chotsekera botolo. Ndi zimene zinachitikira alamu anga.

Kadyedwe kathu kamatembenuka. Tinakula tikudziwa kuti nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zoperekezera. Tsopano ndiwo ndizo chakudya. Thupi limafuna magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni pa tsiku kuti lisadye minofu yake. Dzira limodzi lili ndi 6, kapu yaikulu ya mkaka ili ndi 8. Kapenta wouma wa ku Kariba ndi chuma pa nkhani imeneyi, chifukwa kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo popeza timadya ndi minga yomwe, amapatsanso kashiamu. Muzimuviika kaye kuti mchere uchepe, ndipo muzimuphika osati kumukazinga m'saladi. Soya, nyemba, nkhuku ndi nsomba za mu Zambezi ziyambe kulowa, kenaka chibwabwa, bonongwe kapena therere, ndipo malo akatsala, kambamu kamodzi. Idyani ndi kasupuni, tafunani mpaka chisanduke phala, chakudya chimodzi chitenge mphindi 20 kapena kuposa. Mukamva kulemera pachifuwa, lekani pomwepo.

Madzi ndiwo amavuta kwambiri m'tauni yathu. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo munthu wachifu chaching'ono sangagugude kapu yonse. Amafunika lita imodzi ndi theka kapena kuposa pa tsiku, mopsontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, botolo lili m'manja nthawi zonse. Samwa pakudya, amadikira theka la ola. Ngati muli ndi mwayi wosankha, konzani opaleshoni kuti mudzachirire m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Amene mumamwa mapiritsi a BP okodzetsa aja, funsani ngati mupitirize. Zakumwa za gasi zisiyeni. Zotsekemera monga maheu a shuga, chibwantu chothira shuga ndi juwisi zimadutsa kakapu mosavuta n'kubweza thupi mwakachetechete, ndipo kwa a bypass zimagwera m'matumbo nthawi imodzi, munthu n'kutuluka thukuta, mtima kuthamanga, chizungulire, kutsegula m'mimba.

Milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi yoyamba musanyamule cholemera. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, thumba la ufa 25, mwana wobereka kumsana nayenso ndi katundu. Koma kuyenda kuyambe tsiku loyamba: mphindi zisanu pabwalo, mawa khumi, mpaka mufike pa mphindi 150 pa mlungu zimene bungwe la WHO limalimbikitsa, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Simukusowa jimu. Kukhala pampando n'kudzuka kakhumi, kukankha khoma, kunyamula mabotolo a madzi, kulima kadimba, zonsezo zimasunga minofu pamene mafuta akusungunuka. Yendani dzuwa lisanakwere, m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya kapena kuzungulira bwalo la sukulu, awiriawiri. A kufupi ndi paki ya nyama mudikire kuyere, chifukwa mukudziwa nokha kuti njovu zimalowa m'makomo mwathu usiku. Alamu anga anadziikira cholinga chotsikira ku Boiling Pot, pansi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, n'kukweranso okha. Zinawatengera miyezi khumi ndi inayi, ndipo pokwera anapuma kasanu ndi kawiri.

Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, kenaka limameranso. Khungu limalendewera. Ena amatuluka miyala m'ndulu chifukwa choonda mofulumira. Amayi a msinkhu wobereka, mimba imabwera mosavuta thupi likatsika, ngakhale kwa amene anavutika zaka zambiri, koma dikirani miyezi 12 mpaka 18, ndipo pambuyo pa bypass musadalire mapiritsi olera; funsani za lupu kapena ka pamkono. Mankhwala a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene timagula pakantini osaganiza kawiri, amabutsa zilonda m'chifu chosokedwa. Panado ndiye wanu. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu thupi limabwererako pang'ono kwa ambiri, ndipo imeneyo ndi nthawi yobwerera kwa dokotala msanga, osati yobisala ndi manyazi.

Mavitamini ndi a moyo wonse, ndipo muwawerengere mtengo musanagulitse poloti: piritsi la mavitamini osiyanasiyana tsiku lililonse, kashiamu ndi vitamini D, ayironi makamaka kwa amayi amene akusamba, ndi B12. Magazi ayezedwe pa miyezi itatu, isanu ndi umodzi, khumi ndi iwiri, kenaka chaka ndi chaka. Kusowa kwa B12 kumabwera mwakachetechete, dzanzi kumapazi, kuiwalaiwala, kufooka, ndipo kukachedwa mitsempha sibwerera. Alamu anga lero ali pa makilogalamu 89. Insulini anasiya, mapiritsi a BP akumwabe limodzi. Miyezi itatu iliyonse amapita kukabayitsa B12, ndipo amayi athu ndiwo amasunga tsikulo, analilemba pa kalendala ya kutchalitchi imene ili kuseri kwa chitseko.

Kakapu aka kayambire kwa amayi ali kutsogoloku, kazungulire mizere yonse, aliyense akagwire m'manja. Kakamazungulira, tiyambe mafunso.